Rikako Ikee: Katswiri Amene Sadachire Yekha

Pa 4 Epulo 2021, m'dziŵe lochitiramo mipikisano ya kusambira mumzinda wa Tokyo, m'dziko la Japan, mtsikana wa zaka 20 adakhudza khoma ndi manja onse aŵiri, natembenuka kuti aone nthaŵi imene wasambira. Ataona kuti wafika poyamba, adayamba kulira ali m'madzi momwemo. Dzina lake ndi Rikako Ikee. Adasambira mtunda wa mamita 100 pa masekondi 57.77, ndipo chipambano chimenechi chidampatsa malo m'gulu loimira dziko lake ku maseŵera a Olimpiki. Zaka ziŵiri zokha m'mbuyomo madokotala adali atampeza ndi khansa ya m'magazi, ndipo panthaŵi ina adagona masiku angapo osatha kudya kanthu.

Mbiri imeneyi idamveka m'maiko ambiri, ndipo ambiri oifalitsa adagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mtsikanayu adagonjetsa nthendayo chifukwa cha kulimba mtima. Kulimba mtima adali nako ndithu, ndipo palibe amene angamlande ulemu umenewo. Koma munthu wodwala amene ali pamzere kuchipatala, kapena mayi amene akudwazika mwana, akamva mbiriyi itathera pomwepo angatolepo phunziro lolakwika. Woyang'anitsitsa moyo wa Ikee adzapeza kuti iye adachira chifukwa adayezetsa msanga, adapirira chithandizo kufikira kumapeto, ndiponso adanyamulidwa ndi anthu ambiri, ena a iwo osadziŵika n'komwe maina awo. Mpikisano umene udambwezera ku Olimpiki udali wa anthu anayi, ndipo kuchira kwakenso kudali ntchito ya gulu.

Kasambiridwe ka gulugufe

Pa mipikisano ya kusambira pali njira zinayi. Pali kusambira chagada. Pali kusambira ngati chule, kokankha madzi ndi miyendo yopinda. Pali kusambira chafufumimba mosinthanitsa manja, kumene kuli kwaliŵiro koposa. Ndipo pali njira imene pa Chingerezi amaitcha butterfly, ndiye kuti gulugufe. Dziŵe la mipikisano ikuluikulu limatalika mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira, motero mtunda wa mamita 100 ndiko kupita ndi kubwerera.

Wosambira mwa gulugufe amatulutsa manja onse aŵiri m'madzi panthaŵi imodzi, nawaponya kutsogolo monga mapiko, kenaka nawakokera pansi pa mimba mpaka kuntchafu. Miyendo imakhala yophatikizana, ikumenya madzi pamodzi, kaŵiri pa kuponya manja kumodzi. Kuti apume, ayenera kudzutsa mutu ndi mapewa pamwamba pa madzi. Malamulo salola kuti dzanja limodzi litsogole, ndipo pofika kumapeto manja onse ayenera kukhudza khoma pamodzi. Njira imeneyi idamera kuchokera ku kasambiridwe ka chule m'zaka za m'ma 1930, idavomerezedwa kukhala payokha mu 1952, ndipo idaloŵa m'maseŵera a Olimpiki mu 1956 ku Melbourne. Osambira ambiri amati ndiyo yotopetsa koposa zonse, popeza dzanja silingapume pamene linzake likugwira ntchito. Imafuna mapapo abwino, mtima wamphamvu ndi magazi okwanira onyamula mpweya. Mfundo ya magaziyi njofunika kuisunga, pakuti m'menemo ndi mmene nthenda idamgwira Ikee.

Palinso mpikisano wolandirana. Aliyense amene adaonapo ana a sukulu akuthamanga mopatsirana kamtengo akudziŵa mmene umakhalira, kungoti m'madzi mulibe kamtengo. Osambira anayi a gulu limodzi amasambira motsatizana, ndipo wotsatira saloledwa kuchoka poimira pake mnzake asadakhudze khoma. Akapupuluma, gulu lonse limachotsedwa pampikisano, ngakhale atatu enawo atasambira bwino chotani. Pa mtundu wina wa mpikisanowu aliyense amasambira njira yakeyake: woyamba chagada, wachiŵiri ngati chule, wachitatu mwa gulugufe, wachinayi chafufumimba. Ikee adatchuka pa gulugufe ndi pa kulandirana komwe.

Zaka za chipambano

Rikako Ikee adabadwa pa 4 Julaye 2000 m'dera la Edogawa, mumzinda wa Tokyo, ndipo adayamba kusambira ali ndi zaka 3. Pofika zaka 16 adali kale ku maseŵera a Olimpiki a ku Rio de Janeiro mu 2016, kumene adaloŵa mipikisano 7, nakhala wachisanu pa mamita 100 a gulugufe. Mwana wa msinkhu wa kusekondale kukhala wachisanu pa dziko lonse chidali chizindikiro chakuti zazikulu zili m'tsogolo.

Chaka chake chachikulu chidali 2018. M'mwezi wa Ogasiti, pa mpikisano wa Pan Pacific umene udachitikira ku Tokyo, adapambana mamita 100 a gulugufe pa masekondi 56.08, liŵiro limene mkazi aliyense wa ku Japan adali asadafikepo. Mwezi womwewo adapita ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, ku maseŵera a maiko a ku Asia, nabwerako ndi mendulo 6 za golide ndi 2 za siliva. Zinayi za golidezo adazipata payekha, pa mamita 50 ndi 100 a gulugufe ndiponso pa mamita 50 ndi 100 a chafufumimba. Ziŵiri zinazo, pamodzi ndi za siliva zija, adazipata ndi anzake pa mipikisano yolandirana. Adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse pa maseŵerawo, ndipo adali mkazi woyamba kulandira ulemu umenewo. Popeza maseŵera a Olimpiki a 2020 adali oti adzachitikira ku Tokyo komweko, anthu a kwawo adaika chiyembekezo chawo chachikulu pa iye.

Tsiku limene thupi lidakana

Kuchiyambi kwa 2019 Ikee adapita ku Australia kukachita zokonzekera. Ali kumeneko adayamba kutopa mosadziŵika bwino. Mphunzitsi wake, Jiro Miki, adaona kuti mtsikanayu akupuma movutikira, mapewa akukwera ndi kutsika, zimene sadazionepo mwa iye. Adamtengera kukayezetsa magazi konko, ndipo zotsatira zake zidachititsa kuti ulendo udulidwe abwerere kwawo msanga. Atafika ku Japan madokotala adapeza kuti ali ndi khansa ya m'magazi, ndipo pa 12 Febuluwale 2019 iye mwini adalengeza zimenezi kwa anthu onse. Adali ndi zaka 18.

Pa zonse zimene zidachitika pa moyo wake wa maseŵera, kuyezetsa kumeneku ndiko kuyenera kuikidwa patsogolo, pamwamba pa mendulo za ku Jakarta. Katswiri wa maseŵera amaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti kutopa si chifukwa choimira. Kudali kwapafupi kunena kuti kubanikako kwadza chifukwa cha kutentha kwa ku Australia kapena kuchuluka kwa zokonzekera, ndi kumuuza kuti alimbikire, pakuti Olimpiki idatsala chaka ndi theka. Mlimi amadziŵa bwino maganizo otere. Nthaŵi ya dzinja, udzu ukakula m'munda, munthu amadzuka ndi thupi lolemera koma amanyamula khasu, nati za chipatala adzaona akatha kupalira. Ikee ndi omuyang'anira sadatero. Adazindikira kuti kutopa kumeneku nkwachilendo, ndipo adakafunsa kwa odziŵa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chachiŵiri choyamikirika ndi chakuti sadabise. Adatchula nthendayo ndi dzina lake pamaso pa dziko lonse. Kubisa matenda kumatsekera wodwala kunja kwa thandizo, pakuti anthu sangathandize pa chimene sakuchidziŵa.

Kodi khansa ya m'magazi n'chiyani?

Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa, m'mafuta ofeŵa aja amene amaoneka munthu akaswa fupa la nyama. M'menemo mumabadwa tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Maselo ofiira amanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita m'thupi lonse. Maselo oyera ndiwo asilikali olimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Palinso tizidutswa tina timene timathandiza magazi kuundana munthu akavulala.

Khansa ya m'magazi imayamba pamene maselo oyera osakhwima ayamba kuchulukana mosalekeza, nadzaza m'mafupa monga mmene kaufiti amadzazira m'munda wa chimanga. Maselo abwino amasoŵa malo obadwira. Ofiira akachepa, munthu amatopa msanga, amabanika, ndipo zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Oyera abwino akachepa, thupi limatentha kaŵirikaŵiri ndipo matenda amangobwerezabwereza. Tizidutswa toundanitsa magazi tikachepa, pakhungu pamaoneka mikwingwirima popanda kumenyedwa, ndipo m'nkhama ndi m'mphuno mumatuluka magazi. Ena amamva kuŵaŵa m'mafupa, ena amatupa anabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche.

Mtundu umene udamgwira Ikee umatchedwa acute lymphoblastic leukaemia. Ndi wofulumira, wokhoza kupha m'miyezi yoŵerengeka ngati palibe chithandizo, ndipo ndiwo khansa yopezeka koposa mwa ana m'maiko ambiri. Nthenda imeneyi siipatsirana, siidza chifukwa cha kusambira, ndipo si ya kulodzedwa. Idagwira mtsikana amene adali ndi thupi lolimba kuposa pafupifupi atsikana onse a msinkhu wake, wodya bwino ndi wosamalidwa ndi akatswiri. Choncho palibe chifukwa choloza chala wodwala, makolo ake kapena mnansi.

Miyezi 10 m'chipatala

Ikee adakhala m'chipatala pafupifupi miyezi 10. Chithandizo choyamba chidali mankhwala amphamvu opha maselo a khansa. Mankhwala ameneŵa amavulazanso maselo ena abwino, n'chifukwa chake wodwala amachita nseru, amasanza, amathothoka tsitsi ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika. M'mwezi wa Malichi 2019 iye adauza anthu kuti ululu wake udaposa kutalitali zimene ankayembekeza, ndi kuti adatha masiku oposa atatu osadya, komabe sadafune kugonja. Tsitsi lidathothoka, ndipo thupi lija lidapata mendulo lidatsika ndi makilogalamu oposa 10.

Pakati pa chithandizocho padabuka zovuta zina, ndipo madokotala adasintha njira: adamuika m'thupi maselo atsopano opanga magazi. Pa nthenda ya mtundu umenewu maselo otere kaŵirikaŵiri amachokera kwa munthu wina amene thupi lake limagwirizana ndi la wodwala. Kugwirizana kumeneku nkosoŵa. Ngakhale pakati pa ana a mimba imodzi, mwayi wakuti aŵiri agwirizane ndi umodzi pa inayi, motero maiko ena amasunga kaundula wa anthu odzipereka kuti wodwala wopanda mbale wogwirizana naye apezeko thandizo. Kuwonjezera apo, wodwala khansa ya m'magazi amafunika kuthiridwa magazi mobwerezabwereza pamene mafupa ake sakutha kupanga okwanira. Magaziwo sapangidwa kufakitale. Amachokera m'mikono ya anthu amene wodwalayo sadzawaona nkhope.

Kulengeza kwake kuja kudabala zipatso. M'mwezi wa Febuluwale 2019 wokha, anthu oposa 10,000 ku Japan adalembetsa m'kaundula wa opereka maselo a m'mafupa, chiŵerengero choposa kwambiri cha miyezi ina. Ambiri a odwala amene adzapindule ndi anthu ameneŵa sadasambirepo pampikisano. Ndipo mu Julaye chaka chomwecho, pa mpikisano wa dziko lonse ku Gwangju, m'dziko la South Korea, akazi atatu amene adapata mendulo pa mamita 100 a gulugufe, Maggie Mac Neil wa ku Canada, Sarah Sjöström wa ku Sweden ndi Emma McKeon wa ku Australia, adaima pamodzi natambasula zikhatho zawo, pamene adalembapo dzina la Ikee ndi mawu omlimbikitsa kuti asataye mtima. Aŵa adali opikisana naye, amene kudwala kwake kudawachotsera mdani woopsa m'dziŵe.

Adatuluka m'chipatala mu Disembala 2019. Chofunika kuchiona apa ndi chakuti adatuluka madokotala atamlola. Wodwala ambiri amapeza bwino pakatikati pa chithandizo, ndipo mtima umawanyenga kuti achira. Maselo a khansa ochepa otsalira ndi okwanira kuyambitsanso nthenda yonse, monga chitsa chosazulidwa chimene chimaphukanso mvula ikagwa.

Kubwerera m'madzi

Potuluka m'chipatala Ikee adanena kuti maso ake ali pa Olimpiki ya 2024 ku Paris. Ya ku Tokyo, imene adaikonzekera kuyambira ubwana, adavomera kuti yamdutsa. Kuvomera kotere kumafuna kulimba mtima kosaoneka ndi anthu, ndipo kudamteteza ku kupupuluma. Munthu amene waikidwa maselo atsopano amakhala ndi chitetezo chochepa kwa nthaŵi yaitali, kotero kuti ngakhale madzi a m'dziŵe angamdwalitse. Adaloŵanso m'madzi mu Malichi 2020, patapita masiku 406. Mpikisano wake woyamba udachitika pa 29 Ogasiti 2020, ndipo udali waufupi, wa mamita 50 a chafufumimba. Gulugufe, wofuna mphamvu zambiri, adambwerera pambuyo pake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pamenepo n'kuti mliri wa Covid-19 utachititsa kuti maseŵera a ku Tokyo asunthidwe ndi chaka chathunthu, kufika mu 2021. Chaka chimenecho, chimene palibe adachikonza, ndicho chidatsegula khomo. Pa mpikisano wa dziko la Japan mu Epulo 2021 Ikee adapambana mipikisano inayi, kuphatikizapo uja wa masekondi 57.77. Komabe nthaŵi imeneyi idali yotsalira ndi masekondi oposa limodzi ndi theka poyerekeza ndi ija ya 2018, ndipo pa kusambira mpata wotere ngwaukulu. Sidakwane pa muyezo umene akuluakulu a kusambira ku Japan adaika kuti munthu akapikisane payekha ku Olimpiki. Idakwana pa muyezo wa mpikisano wolandirana. Payekha khomo lidali lotseka. Pamodzi ndi anzake lidatseguka.

Ku Olimpiki ya ku Tokyo adasambira mipikisano itatu, yonse yolandirana. Pa iŵiri gulu lake lidalephera pang'ono kufika ndime yomaliza. Pa wachitatu, wa njira zinayi zija, lidafika. Pa 1 Ogasiti 2021 Anna Konishi adayamba chagada, Kanako Watanabe adalandira ndi kasambiridwe ka chule, Ikee adasambira gulugufe, ndipo Chihiro Igarashi adatsiriza. Adakhala a nambala 8 pa magulu 8, opanda mendulo. Maina a atatu enawo ayenera kutchulidwa, chifukwa popanda iwo Ikee sakadasambira m'ndime yomaliza ya Olimpiki ya kwawo.

Sadalekere pomwepo. Mu 2023, pa mpikisano wa dziko lonse ku Fukuoka, adafika ndime yomaliza ya mamita 50 a gulugufe nakhala wa nambala 7. Mu 2024 adakwaniritsa lonjezo lake la ku Paris: adapikisana payekha pa mamita 100 a gulugufe nalekezera m'ndime yachiŵiri kwa yomaliza, ndipo pa mpikisano wolandirana wa njira zinayi gulu lake lidakhala lachisanu. Mu Sepitembala 2024, patatha zaka 5 chimuikireni maselo atsopano, adalengeza kuti madokotala sakupezanso chizindikiro cha nthendayo m'thupi mwake. Zaka zonsezo adali kupitabe kukaonedwa ndi madokotala, ngakhale adali wamphamvu zokwanira kupikisana ndi akatswiri a dziko lonse.

Kodi khama lokha nlokwanira?

Atapambana pa 4 Epulo paja, Ikee adanena akulira kuti adaona kuti khama limapindula ndithu. Munthu amene wadutsa m'moto wotere ngwoyenera kulankhula zakukhosi kwake, ndipo pa za kusambira mawuwo ngoona: palibe mankhwala amene akadambwezera mphamvu za m'manja popanda iye kudzuka m'maŵa uliwonse kupita kudziŵe. Koma mawu omwewo akatengedwa n'kuikidwa pa matenda, amasanduka katundu wolemera pamutu pa odwala. M'zipatala za khansa muli ana ndi akulu amene adalimba mtima mofanana ndi Ikee, namwa mankhwala onse, koma sadachire. Kunena kuti khama ndilo limachiritsa ndiko kunena mosadziŵa kuti amene adamwalira sadalimbikire, ndipo kumeneko nkulakwira akufa ndi ofedwa omwe.

Pali ngozi inanso. Munthu wokhulupirira kuti kulimba mtima ndiko mankhwala amachedwa kupita kuchipatala, popeza amaona ngati kudandaula ndi ulesi. Abambo ambiri amagwa mumsampha umenewu. Khama lili ndi malo ake pa matenda, ndipo malo akewo ndi aŵa: kuyenda mtunda kupita kukayezetsa, kubwerera pa tsiku limene adokotala adalemba, kumwa mankhwala oŵaŵa kufikira atatha, ndi kudya ngakhale pakamwa pakukana. Zotsalazo zili m'manja mwa ena.

M'menemu ndi mmene mpikisano wolandirana ukuphunzitsira bwino kuposa mendulo ya munthu mmodzi. Pa kuchira palinso osambira anayi. Woyamba ndi wa pabanja kapena mnzake amene amaona kuti munthuyu sali bwino, monga adaonera mphunzitsi uja. Wachiŵiri ndi wa zaumoyo amene amayeza, napeza nthenda kapena kutumiza wodwala kuchipatala chachikulu. Wachitatu ndi wodwala mwini, amene gawo lake, monga la gulugufe, ndilo loŵaŵa koposa. Wachinayi ndi anthu a m'mudzi ndi a m'dziko: opereka magazi, odwazika, olimira munda wa banja limene lili kuchipatala, osonkha ndalama ya ulendo. Mmodzi akalephera gawo lake, khama la atatu enawo limapita pachabe. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga kwa amene ali kutali ndi Tokyo?

Wina anganene kuti zonsezi nza ku Japan, dziko lolemera, ndipo Ikee adali munthu wotchuka amene zipatala zabwino koposa zidamtsegulira zitseko. Zimenezo nzoona, ndipo kuzibisa kungakhale kunamiza aŵerengi. Chithandizo choika maselo atsopano nchodula, ndipo anthu ambiri a m'maiko osauka sangachipeze. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira sakwana 30 pa 100. Mu 2018 bungweli lidayambitsa ntchito yofuna kuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa pa dziko lonse azichira.

Koma pa zifukwa zimene zimachititsa kusiyana kumeneku, ziŵiri zili pafupi ndi khomo la munthu aliyense: kufika mochedwa kuchipatala, ndi kusiya chithandizo panjira. Zimenezi sizifuna makina a ku Japan. Ana ambiri odwala khansa ya m'magazi ya mtundu umenewu amachira ndi mankhwala okha, popanda kuikidwa maselo atsopano. Ku Malaŵi ana odwala khansa amalandira chithandizo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo njira yofikira kumeneko imayambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kudzera pa cha boma.

Sikuti aliyense wotopa kapena wochepa magazi ali ndi khansa. Nthaŵi zambiri choyambitsa chimakhala malungo, njoka za m'mimba kapena kusoŵa zakudya zoyenera, ndipo zimenezi zimachizika mosavuta. Chovuta nchakuti zizindikiro za khansa ya m'magazi zimafanana ndi za matenda ozoloŵerekaŵa, motero imabisala kumbuyo kwawo. Mwana amene thupi likutenthabe atamaliza mankhwala a malungo, amene akuyera m'zikhatho, akutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, akulira ndi mafupa kapena watupa anabere osaphwa, ayenera kubwereranso kuchipatala, ndipo kholo lifotokoze momveka kuti mankhwala oyamba sadathandize. Kubwerera kachiŵiri si kuvutitsa anamwino. Ndipo akanena kuti apite kuchipatala chachikulu, masabata otha pofunafuna amene walodza ndi masabata amene nthenda ikukula.

Gawo la wosambira wachinayi nalonso lili lotseguka kwa munthu aliyense wathanzi. Wopereka magazi amachotsedwa osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Magazi amenewo amapulumutsa mwana wa khansa, mwana amene malungo amuthera magazi, ndi mayi amene wataya magazi pobereka. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Rikako Ikee sadapate mendulo ya Olimpiki ku Rio de Janeiro, ku Tokyo kapena ku Paris, ndipo pa maseŵera aŵiri omalizawo liŵiro lake pa gulugufe silidafike pa lija la 2018. Oŵerenga mendulo zokha anganene kuti nthenda idamlanda zaka zake zabwino, ndipo mwina idaterodi. Koma mtsikana amene adabanika m'dziŵe la ku Australia ali ndi zaka 18 adafika zaka 24 ali moyo, akusambira pamaso pa dziko lonse, chifukwa chakuti wina adaona kupuma kwake, wina adayeza magazi ake, iye adapirira miyezi 10, ndipo anthu osaŵerengeka adachita mbali yawo. M'mudzi uliwonse muli wina amene akupuma movutikira lero, ndipo pafupi naye pali munthu woyenera kukhala woyamba kuona ndi kumperekeza kuchipatala.